Phewa likaguluka pa mpira, musalikoke nokha

Mwa mafupa akuluakulu a m'thupi, phewa ndilo limaguluka kawirikawiri. Mutu wa fupa la mkono ndi wozungulira, koma dzenje lomwe umakhalamo ndi losazama. N'chifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse, komanso n'chifukwa chake fupalo limatuluka mosavuta.

Pa masewera, izi zimachitika munthu akagwera pa mkono wotambasula, kapena mkono ukakankhidwira kumbuyo mwamphamvu uli m'mwamba, monga goloboyi akamadumphira mpira. Nthawi zambiri fupalo limatulukira kutsogolo. Kugwa pa njinga kapena pa ngolo kumabweretsanso vuto lomweli.

Zizindikiro zake ndi ululu waukulu, phewa looneka lophwa kapena lotsika, kutupa ndi kulephera kukweza mkono. Ena amamva dzanzi mpaka m'zala.

M'mabwalo a m'midzi, anzake a wovulala amathamangira kukoka mkono kuti fupa libwerere. Izi n'zoopsa. Mwina fupalo lathyokanso, ndipo kukoka kungawononge mitsempha ya magazi ndi yomwe imayendetsa mkono. Kutema mphini kapena kuthowa ndi madzi otentha sikubwezeretsa fupa.

Wosewerayo atuluke m'bwalo nthawi yomweyo. Mkono ukhale m'mene wovulalayo akuonera kuti ululu ukuchepa, ndipo mukolekeni m'khosi ndi kapulana kuti usamagwedezeke. Ngati pali madzi oundana, akulungeni m'nsalu n'kuyika paphewa. Kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mukachedwa minofu imakungika ndipo kubwezeretsa kumavuta. Zala zikazizira, zikatuwa kapena kuchita dzanzi, fulumirani kwambiri.

Kuchipatala amapereka mankhwala ochepetsa ululu, amajambula ndi raio X kuti aone ngati fupa lathyoka, kenako amalibwezeretsa pang'onopang'ono. Chipatala chaching'ono chikalephera, amatumiza wodwalayo ku chipatala chachikulu monga cha Tete. Mkono umakhala wokolekedwa kwa masiku angapo kapena milungu yochepa, kenako munthu amayamba zolimbitsa minofu ya phewa. Kuchira kwathunthu kumatha kutenga miyezi itatu kapena inayi. Pa nthawiyi, khasu, nkhwangwa ndi matumba a chimanga zidikire mpaka adokotala avomereze.

Achinyamata ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu choti phewa ligulukenso, makamaka akabwerera msanga m'bwalo. Likamaguluka mobwerezabwereza, pamafunika opaleshoni yosoka minyewa yong'ambika. Jude Bellingham wa Real Madrid anaguluka phewa la kumanzere mu November 2023 posewera ndi Rayo Vallecano. Anapitiriza kusewera atavala chomangira, koma mu July 2025 anachitidwa opaleshoni, ngakhale timu yake ili ndi madokotala omuyang'anira tsiku lililonse.

Aphunzitsi a matimu ndi makolo, mnyamata akavulala phewa musamukakamize kumaliza masewera. Mkono womwewo ndi womwe adzalimire mvula ikagwa.