Mina sanali mkazi wa Dracula

Ambiri amene anaonera filimu ya Francis Ford Coppola ya mu 1992 amakhulupirira kuti nkhani ya Dracula ndi ya chikondi chimene manda analephera kukwirira. Amati mkazi wake Elisabeta anadziponya mumtsinje, nabadwanso patadutsa zaka zoposa 400 dzina lake lili Mina, ndiye namapopayo anangotsatira wake ku London. Poti filimuyo anaitcha Bram Stoker's Dracula, anthu amayesa kuti zonsezi zili m'buku.

Ayi ndithu. M'buku la Stoker la mu 1897 mulibe Elisabeta, mulibenso za kubadwanso. Dracula amalowa kuchipinda kwa Mina usiku, amamuopseza kuti akakuwa apha mwamuna wake Jonathan, kenako amamumwetsa mokakamiza magazi a pachifuwa pake. Kumeneko si kufunsira mbeta.

Zoti mkazi wakale wabweranso anazikometsa ndi a zamafilimu. Zinalipo mu The Mummy ya mu 1932, momwe Boris Karloff ankasaka wokondedwa wake wa ku Egypt wakale. Mu Blacula ya mu 1972, kalonga wa ku Africa Mamuwalde amaona nkhope ya malemu mkazi wake Luva pa Tina, mtsikana wa ku Los Angeles. Pofika 1974, Dracula wa Jack Palance nayenso anali atapatsidwa wokondedwa womulira.

Ena amati Mina wa mitima iwiri, wina kwa mwamuna wake wina kwa Dracula, ndiye mkazi womasuka, pomwe wa m'buku ndi wongomvera basi. Apa mpomwe ndimakana kwamtuwagalu. Mina wa m'buku ndiye amasonkhanitsa makalata, zolemba za tsiku ndi tsiku ndi zodula m'nyuzipepala, nazitayipa mwadongosolo mpaka amuna amene akulimbana ndi Dracula azindikira mdani wawo. Nthawi za sitima zapamtunda amazidziwa pamtima. Dracula atathawa, ndi Mina amene amaunika mapu natulukira kuti bokosi limene wabisalamo likuyenda pamtsinje. Ndipo tsoka limamugwera pamene amunawo agwirizana zomubisira nkhani, ati pomuteteza, namusiya yekha.



Chimandiwawa nchakuti kubadwanso kumalanda mkazi mwayi wokana. Akangoti mzimu wake unali kale wa uje, kukana kwake kumasanduka kuiwala chabe, ndipo womuzembera usiku uja timayamba kumumvera chisoni ngati wamasiye. Tina ali ndi mchemwali wake, anzake ndi moyo wakewake ku Los Angeles, koma Mamuwalde akamuyang'ana amaona Luva, ndipo filimuyo imafuna kuti nafenso tione Luva yemweyo.