Kugula nyumba yofikira m'komboni ya Lusaka uli kunja

Anthu a ku Zambia ogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku London amatopa n'kugona pabalaza pa achibale akabwera pa Khirisimasi. Ena amaganiza zogula kanyumba ku Mtendere, Chawama kapena Matero, kumene mitengo ndi yotsika kusiyana ndi ku Kabulonga.

Pepala lake ndi lotani?

Lamulo la malo la 1995 limaika malo onse a m'Zambia m'manja mwa Pulezidenti, ndipo munthu amangopatsidwa lizi, kawirikawiri ya zaka 99. M'makomboni omwe anayamba popanda pulani, monga Kanyama, George ndi Chawama, khonsolo ya Lusaka imapereka occupancy licence ya zaka 30: nyumba ndi yanu, nthaka si yanu. Ku Matero nkhani ndi ina, chifukwa nyumba zambiri zinali za khonsolo ndipo zinagulitsidwa kwa okhalamo mu 1996, nthawi ya Frederick Chiluba.

Musanatumize ndalama, munthu wodalirika apite ku khonsolo akaone ngati dzina la wogulitsa ndi lomwe lili m'kaundula. Kalata yolemba pamanja ya kada wa chipani siingakutetezeni mwini wachiwiri akatulukira. Nyumba yamasiye nayo imafuna kusamala, chifukwa mwana mmodzi amatha kuigulitsa abale ake osadziwa.

Pasipoti

Kuyambira 2016 Zambia imalola kukhala nzika ya maiko awiri. Izi n'zofunika kwa amene anatenga pasipoti ya dziko lina, chifukwa mlendo, ngakhale Mmalawi wa ku Mchinji, amaloledwa kukhala ndi malo pazifukwa zowerengeka, monga chilolezo chokhazikika m'dzikomo.

Ioneni nthawi ya dzinja

Apa mpomwe ambiri amagwa. Zithunzi za pa WhatsApp ogulitsa amajambula mu Ogasiti, pabwalo pali gwaa, pomwe inu mudzafika mu Disembala mvula itayamba. Kanyama ili pamalo athyathyathya a thanthwe, madzi amadikha, zimbudzi zokumba n'kusefukira. Kolera ya 2017 ndi 2018 inavuta kwambiri kumeneko. Yang'anani mzere wa matope m'munsi mwa khoma, ndipo mufunse oyandikana nawo kuti mu Febuluwale madzi amafika pati.

Miyezi inayo m'nyumbamo mukhala ndani?

Nyumba yotseka m'komboni siichedwa kuthyoledwa. Ambiri amaikamo alendi n'kusiya chipinda chimodzi chokhoma, ndipo lendiyo imakonzera denga ndi kulipira msonkho wa khonsolo. Mukaika m'bale, mugwirizane polemba, chifukwa kutulutsa mlamu n'kovuta kuposa kutulutsa mlendi.