Galimoto yoyendera gasi wachilengedwe

Galimoto yoyendera gasi wachilengedwe ndi galimoto imene injini yake imayaka ndi gasi wochokera pansi pa nthaka m'malo mwa petulo kapena dizilo. Gasiyu amadziwika ndi dzina lachidule loti CNG, ndipo mbali yake yaikulu ndi mpweya wa methane. Amaupanikiza m'silinda yolimba pa mphamvu ya mabaa 200 mpaka 250 kuti wambiri ukwane m'malo ochepa.

Mmene imagwirira ntchito

Gasi amachoka m'silinda kudzera m'mapaipi n'kufika pa kachipangizo kochepetsa mphamvu yake asanalowe mu injini. Magalimoto ambiri otere anali a petulo ndipo anachita kusinthidwa, choncho ali ndi thanki ya petulo komanso silinda ya gasi. Kawirikawiri injini imalira ndi petulo, ikatenthako n'kusinthira ku gasi.

Kayendetsedwe

Galimoto yosinthidwa imachepako mphamvu ikamayendera gasi, ndipo izi zimaonekera kwambiri pokwera chitunda chachitali chonga cha msewu wochokera ku Golomoti kupita ku Dedza. Silinda imodzi sifikitsa kutali ngati thanki ya petulo, ndiye dalaivala amayenera kudziwiratu kumene akathirenso. Pothira gasi amazimitsa injini, ndipo sipayenera kukhala moto kapena wosuta fodya pafupi.

Kasamalidwe

Chofunika kwambiri ndi silinda. Iyenera kuunikidwa ndi katswiri nthawi ndi nthawi, komanso galimoto ikachita ngozi kapena kupsa. Silinda yadzimbiri, yopindika kapena yopyola tsiku lolembedwa pa iyo siyenera kugwiritsidwanso ntchito, ndipo siwotchereredwa, chifukwa ikhoza kuphulika. Kukatentha, monga zimakhalira kuchigwa cha Mua ndi Mtakataka m'mwezi wa Okutobala, mphamvu ya gasi m'silinda imakwera. Pa silinda pamakhala vavu yotulutsa gasi moto ukabuka, ndipo vavuyi siyenera kutsekedwa kapena kuchotsedwa. Makaniko amaonanso mapulagi, sefa ya gasi ndi polumikizira mapaipi. Gasiyu amamuthira fungo dala kuti akamadontha adziwike msanga. Ndi wopepuka kuposa mpweya wamba moti amakwera m'mwamba, n'chifukwa chake galimoto yodontha siikidwa m'galaja yotseka.

Kumene amapezeka

Magalimotowa ndi ochuluka ku China, Iran, India, Pakistan ndi Argentina. Ku Mozambique alipo ku Maputo ndi Matola, ndipo gasi wake amachokera ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane, kumene paipi yopita ku South Africa inayamba kugwira ntchito mu 2004. Ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, magalimoto ndi njinga zamoto za matayala atatu zambiri zasinthidwa kuti ziziyendera gasi.

Ku Malawi

Gasi wophikira amene amagulitsidwa m'Malawi ndi LPG. Ameneyu ndi wosiyana ndi CNG chifukwa amakhala wamadzimadzi m'silinda ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, kotero silinda yophikira singapirire CNG. Pofuna kuchepetsa mafuta oitanitsa kunja, dziko la Malawi limasakaniza petulo ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982. Malonda a mafuta ndi gasi amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA.