Kufunika kozamitsa maphunziro a nthaka ndi miyala m'sukulu za sekondale

LILONGWE – Dziko la Malawi lili mu chigwa cha Great Rift Valley, komwe nthaka ya pansi imang'ambika pang'onopang'ono. Ichi nchifukwa chake zivomezi si zachilendo kuno. Chivomezi cha m'mwezi wa Marichi 1989 chidapha anthu ndi kugwetsa nyumba ku Salima, ndipo chidamvekanso mu mzinda wa Lilongwe. Mu Disembala 2009 zivomezi zingapo zidaononga nyumba zambiri ku Karonga. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri, kuphatikizapo phiri la Soche ku Blantyre, ndipo anthu oposa 600 adafa m'chigawo cha kummwera.

Nthaka yomweyi ilinso ndi chuma. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kudapezeka rutile wochuluka, pomwe ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli miyala ya rare earths. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu 2021, akuika migodi pakati pa ntchito zofunika potukula dziko.

Zonsezi zimafuna akatswiri. Maphunziro a jiyoloje amaperekedwa ku University of Malawi ku Zomba, komanso ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014. Ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a uinjiniya wa migodi. Koma ku sekondale wophunzira amangolawa nkhanizi m'phunziro la jogalafe, nthawi zambiri kuchokera m'buku chabe, osagwira mwala m'manja.

Kuzamitsa phunziroli sikulira ndalama zambiri. Ophunzira a ku Area 2 angathe kuona m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe momwe madzi amakokololera dothi, ndi momwe kukumba mchenga kumagumulira magombe. Nthambi ya Geological Survey ku Zomba ingathandize sukulu ndi mapu ndi zitsanzo za miyala, aphunzitsi a m'makoleji angasule anzawo a ku sekondale, pomwe bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi ndilo lili ndi udindo wokonza silabasi.

Phindu lake silithera kwa ofuna ntchito za migodi okha. Amene adzagawe mapoloti, kuvomereza mapulani a nyumba kapena kukambirana ndi makampani akunja mawa, ndi ana amene ali m'kalasi lero. Akadziwa nthaka yomwe akupondapo, sadzalola nyumba m'njira ya madzi kapena kugulitsa chuma cha dziko pamtengo wolira.