Kodi Ntchito Imapezeka Chifukwa cha Wachibale?

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, nyumba za ku Area 15 mumzinda wa Lilongwe zimalandira alendo. Anyamata ndi atsikana amatsika basi ku Old Town ndi kachikwama kamodzi, nadzafikira kwa amalume kapena azakhali amene amagwira ntchito ku Capital Hill. Chiyambire 1975, pamene likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba, maulendo otere sanaleke. Tsono miyezi ikatha ntchito osaoneka, mlendo uja amayamba kunyinyirika kuti zinthu zimayendera okhawo amene ali ndi munthu wawo pampando.

Dandaulo limeneli lili ndi choona chake, pakuti kukondera kulipodi ndipo kumawononga maofesi. Koma mwina amalume sakubisa kanthu. Mu 1973 katswiri wina wa ku America, Mark Granovetter, atafunsa anthu a ku Newton, pafupi ndi Boston, za momwe anapezera ntchito, analemba kuti ambiri amene anathandizidwa ndi munthu anaimvera kwa yemwe ankaonana naye mwa apo ndi apo. Chifukwa chake nchapafupi. Amene umadya naye mbale imodzi amamva zomwe iwe wamva kale, pomwe wakutali amayenda mnjira zimene phazi lako silinapondemo.

Nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu, ikuonetsa zimenezi bwino lomwe. Njala ya 2002 itakula, makolo ake analephera kumlipirira sukulu ya sekondale ya Kachokolo, ndipo iye anakhala pakhomo ali ndi zaka 14. M'malo motaya mtima, ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy. Potsata zithunzi za m'bukumo, anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga ya bambo ake ndi zitsulo zotola kudzala. Pomangapo anamthandiza ndi apafupi: msuweni wake, ndiponso mnzake, mwana wa mfumu, amene anamgulira zina mwa zipangizo. Pamenepo mpomwe mphamvu ya apafupi inathera. Makinawo anazungulira zaka zinayi, akuunikira nyumba imodzi, dziko osadziwa.

Mu 2006 akuluakulu a bungwe la Malawi Teacher Training Activity, lomwe linkathandiza laibulale ija, anamva za mnyamatayu atabwera kudzayendera. Dr. Hartford Mchazime, mmodzi wa atsogoleri a bungwelo, anapita okha ku Masitala, ndipo atakhutira anabweranso ndi atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times inasindikiza nkhaniyi mu November chaka chomwecho. Itafalikira pa intaneti inafika kwa Emeka Okafor, amene ankakonza msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo mu June 2007 William anakayankhula kumeneko m'Chingerezi chake chopereweracho. Ena mwa omvera anadzipereka kumlipirira maphunziro. Anaphunzira pa African Bible College Christian Academy ku Area 47, kufupi ndi Area 15 komweko, kenaka ku African Leadership Academy ku Johannesburg, namaliza digiri yake ku Dartmouth College mu 2014. Mwa onse amene anapatsirana dzina lake kuchokera ku Wimbe mpaka ku Arusha, panalibe wachibale ngakhale mmodzi.

Nchodabwitsa kuti Kasungu yemweyo anatulutsa kale nkhani yonga imeneyi. Hastings Kamuzu Banda ali mnyamata anayenda pansi kupita ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake anapitirira ku South Africa pamodzi ndi mbale wawo wamkulu, a Hanock Msokera Phiri. Mbaleyo anawafikitsa kumigodi, koma amene anawatsegulira njira ya ku America mu 1925 anali Bishopu W. T. Vernon wa mpingo wa African Methodist Episcopal, munthu amene anangodziwana naye kutchalitchi. Udokotala wa ku Meharry mu 1937 unayambira pamenepo.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Wokondera amaika mwana wa mlongo wake pampando umene wina woyenera akanakhalapo, ndipo amachita zimenezi mobisa. Woyamikira amanena poyera zimene waona ndi maso ake, ndipo amaika dzina lake pachiswe, chifukwa amene wamuyamikirayo akalephera manyazi amagwira iyeyo. Nchifukwa chake munthu wanzeru sayamikira wamanjamanja. Mlendo wa ku Area 15 amene amagona mpaka dzuwa kutentha, nkumadikira kuti amalume abwere ndi kalata, akuwapempha kuti aname. Mnzake amene wadzipereka kulemba mabuku a ndalama kutchalitchi, kapena kuphunzitsa ana a m'nyumba yoyandikana masamu madzulo, waonedwa kale ndi anthu a m'maofesi asanu osiyanasiyana, ngakhale iye mwini sakudziwa.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lalikulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Kwa mwana wa kumudzi, mphunzitsi ndiye munthu woyamba wodziwana ndi akutali: anzake a ku koleji, oyendera sukulu, akuluakulu a mabungwe. Komabe kalata zoyamikira zambiri zimalembedwa mwamwambo chabe, mawu amodzimodzi kwa ophunzira onse, akuti ndi waulemu ndi wolimbikira, moti wolemba ntchito amangoziika pambali. Imene amaiwerenga mpaka kumapeto ndi yonena kuti wophunzirayo anachita chiyani, liti, ndipo anaona ndani.