COTUPA CIMENE CIMADYA FUPA LA PHAZI

M'komboni ya Lilanda, kufupi ndi Matero ndi George mu Lusaka, anthu ambiri amadalira phazi popita ku nchito ndi kumsika. Likatupa pa akakolo kapena pa cidendene, mwini wake amangoti anabinya, nalithowa ndi madzi otentha. Ena amatemera mphini, monganso acitira kumudzi. Kawirikawiri kumakhaladi kubinya, koma kutupa kopweteka kumene kwatha miyezi sikulinso kubinya ai.

Pali cotupa cina cimene madokotala amacicha giant cell tumour, cifukwa pocipima ndi makina okuza zinthu amaona maselo aakuluakulu. Dokotala wa ku England, Astley Cooper, anacifotokoza m'caka ca 1818. Cimagwira makamaka anthu a zaka 20 kufikira 40, msinkhu weniweni wolima ndi wolera ana. Malo ake enieni ndi pa bondo ndi pa mfundo ya dzanja; ku phazi cimabwera mwa kamodzikamodzi, ndipo ndico cifukwa cake cimacedwa kudziwika.

Nthawi zambiri si khansa, koma nkhanza zake n'zazikulu. Cimadya fupa kuyambira m'kati monga ciswe cidya nsici ya nkhokwe, kusiya khungwa lokha, mpaka fupalo lithyoke munthu akungoyenda.

Wodwala wa ku Lilanda amayambira ku kiliniki kapena ku cipatala ca Matero kumene amajambulidwa X-ray, ndipo kalata imam'fikitsa kwa akatswiri a mafupa ku University Teaching Hospital. Wa kum'mawa angayambire ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete. Cithunzi cokha sicikwanira: amadulako kanyama kukapima. Akatsimikiza, amaboola fupa, nakokota cotupa conse, ndi kudzaza dzenjelo ndi simenti ya mafupa kapena zidutswa za fupa la m'ciuno mwa wodwalayo. Mafupa a phazi ndi aang'ono. Akacedwa munthu, fupa lonse limacotsedwa, mwinanso phazi lenileni. Kumene mpeni sungathandize pali jekeseni ya denosumab, imene dziko la America linavomereza pa nthendayi mu 2013, koma ndi yokwera mtengo.

Cotupaci cimatha kuphukanso, makamaka m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, ndipo mwa anthu owerengeka cimafika ku mapapo. Motero wocitidwa opaleshoni amabwererabe kukajambulitsa phazi ndi cifuwa, ngakhale atayambanso kale kugwira khasu.