Mankhwala ena sagwirizana m'thupi: auzeni a chipatala zonse zimene mukumwa

Pachipatala chimodzi pali zitseko zambiri: cha TARV, cha chifuwa chachikulu cha TB, cha sikelo ya amayi oyembekezera. Munthu mmodzi angathe kulandira mankhwala pa zitseko ziwiri kapena zitatu. Enanso a ku Angónia ndi Tsangano amakalandira chithandizo ku Dedza kapena ku Ntcheu. Kodi amene akukulemberani mankhwala lero akudziwa amene munapatsidwa kwina? Ngati simuwauza, sangadziwe.

TLD ndi mankhwala ena

Kuyambira mu 2019, anthu ambiri a HIV muno m'Mozambique amamwa TLD. M'piritsi limeneli muli mankhwala otchedwa dolutegravir. Mankhwala a TB otchedwa rifampicina amachititsa kuti dolutegravir athe msanga m'magazi. Nchifukwa chake womwa onse awiri amawonjezeredwa piritsi la dolutegravir la 50 mg, lakumwa patapita maola 12 atamwa TLD. Popanda piritsi limeneli kachirombo kangayambenso kuchulukana.

Mapiritsi owonjezera magazi, aja a sal ferroso, ndi mankhwala a chilungulira amagwira dolutegravir m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. Imwani TLD choyamba, enawo mudzamwe patapita maola 2. Ngati mwayamba ndi enawo, dikirani maola 6.

Amayi tcherani khutu

Mayi woyembekezera amene amamwa cotrimoxazol tsiku ndi tsiku asamwenso Fansidar wa kusikelo. Mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi, ndipo akaphatikizana angawononge khungu ndi magazi. Rifampicina nayenso amafooketsa mapiritsi olera ndi njira ya pamkono. Mukayamba mankhwala a TB funsani njira ina, kuti mimba isakudzidzimutseni.

Mowa ndi zitsamba

Musamwe kachasu kapena mowa wina uliwonse pamene mukumwa metronidazol, mpaka patapita masiku 2 mutamaliza. Mowa pamodzi ndi mankhwala a TB umavulaza chiwindi. Ngati mukumwa za kwa asing'anga kapena mapiritsi ogula pamsika, nenani mosachita manyazi.

Zizindikiro zoopsa

Mkodzo wofiirira kwa womwa rifampicina si matenda, musasiye mankhwala. Koma mukaona izi, musamwenso mankhwalawo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo:

• matuza kapena kusupuka khungu
• zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche
• kutupa nkhope ndi milomo, kubanika
• maso achikasu, kusanza kosalekeza

Musadikire tsiku lolembedwa pakhadi.

Chochita

Popita kuchipatala tengani makhadi onse ndi timapepala tonse ta mankhwala, ngakhale ochokera ku Malawi. Ngati mankhwala ena anakuyipirani kale, pemphani anamwino alembe dzina lake pakhadi lanu. Musanachoke pazenera la mankhwala funsani kuti: "Kodi awa akugwirizana ndi amene ndikumwa kale?" Ndipo mankhwala anu musagawireko mnzanu, ngakhale matenda akuoneka ofanana.